Sowo ya injini ya malemu bambo yatha zaka 11 osalira: ndiikonze kapena ndiigulitse?

Nachisale (Dedza):
Moni nonse akuluakulu. Ndabwera ndi nkhani ya sowo ya injini imene anasiya malemu bambo anga. Ndi Stihl 070, ndipo pa kachitsulo kake palembedwa kuti Made in West Germany. Anaigula kwa mnzawo nthawi imene ankacheka matabwa ku Chikangawa, ndipo ana asanu tonsefe fizi yathu inkachokera pa sowo imeneyi. Chimwalirireni iwo mu 2013 yangokhala pansi m'chipinda chosungiramo chimanga. Amalume akuti tiigulitse kwa anyamata ogula zitsulo zakutha, ine mtima ukukana. Kuseri kwa nyumba kuli mabulugamu amene bambo anadzala okha, akula kwambiri, ndipo denga la nyumba ya mayi likufuna matabwa. Chingwe ndikakoka chikuyenda koma molimba. Kodi chinthu chimenechi chingadzukenso?

Makaniko wa ku Limbe:
Achemwali, choyamba musakokenso chingwecho. M'kati mwauma, oyilo yense anatsika kalekale, ndiye kukoka kulikonse pisitoni ikukhula khoma la silinda. Kulimba kumene mukukumvako ndi nkhani yabwino, ndiye kuti mphamvu yopanikiza mpweya ikadalimo. Chotsani pulagi, thirani oyilo wa 2T (uja wosakaniza ndi petulo) pang'ono ngati theka la supuni yaing'ono pabowopo, mukoke pang'onopang'ono pulagi isali pamalo. Kenako masulani chotulutsira utsi musuzumire ndi tochi pabowo lolowa ku silinda. Mukaona pisitoni yosalala, zabwino. Mukaona mizere yakuya yotsika ngati yakandidwa ndi msomali, ndiye kuti inanokapo, tikambirana zina. Muitembenuzenso muone kunsi. Thupi la masowo amenewa ndi la magnesium, ndipo likakhalitsa pa simenti yachinyezi limadyeka, limatuluka ufa woyera mpaka kubooka.

Mbewe (Leeds):
Kwa ogula zitsulo zakutha ayi, chonde auzeni amalumewo. Ine kuno ndimatola masowo akale m'misika ya Lamlungu ya katundu wakale, ndili nawo 14 mu galaja, koma 070 yeniyeni ya ku Germany ndakhala ndikuisaka osaipeza pa mtengo woti ndingakwanitse. Mtundu umenewu unatuluka mu 1968, ndipo kholo lake ndi Stihl Contra ya mu 1959, onse awiri injini yake ndi 106 cc. Mawu akuti West Germany akukuuzani kuti inapangidwa dziko lija lisanagwirizanenso mu 1990, choncho yanuyo yapyola zaka 30 ndithu. Mkulu wake ndi 090 ya 137 cc, thupi ndi lomwelo, kusiyana kwakukulu ndi kukula kwa silinda.

Phiri (Sabie):
Ine ndinena zosiyana ndi anzangawa, mundikhululukire. Ndagwira ntchito yogwetsa mapaini kuno ku Mpumalanga zaka zisanu ndi zinayi. Sowo imeneyo ilibe buleki ya tcheni. Nsonga ya bar, chitsulo chachitali chimene tcheni imazungulirapo, ikagunda nthambi, sowo imadumphira kumaso kwako nthawi yomweyo, ndipo pa masowo a masiku ano buleki imaimitsa tcheni usanaphethire. Pa 070 tcheni imafika pankhope ikuzungulirabe. Kulemera kwake ndi pafupifupi makilogalamu 11 usanaikepo bar ndi mafuta. Kuno sungalowe nayo m'nkhalango ya kampani, akubweza pachipata. Ngati cholinga ndi denga la mayi, gulitsani kwa anthu ngati a Mbewe, muonjezere ndalama mugule Stihl MS 381 kapena Husqvarna 272 yogwirapo kale ntchito. Chikumbutso cha bambo sichiposa nkhope ya munthu amene adzaigwire.

Madala Gondwe (Mzimba):
Mwana wanga Nachisale, bambo ako sindinawadziwe koma ntchito yawo ndikuidziwa. Ine ndinayamba ndi macheka a manja, wina pamwamba pa chipika wina m'dzenje, utuchi ukugwera m'maso tsiku lonse, matabwa ochepa okha dzuwa n'kulowa. Nkhalango ya Viphya ija ndi mahekitala 53,000, inadzalidwa poyembekezera fakitale ya mapepala imene sinamangidwe, ndiye mitengo inangokulira ife ocheka. Tsiku loyamba kugwira 070 ndinaona ngati ndanyamula mwana wa ng'ombe.

A Phiri akunena zoona pa nkhani yogwetsa mtengo. Koma pong'amba chipika chogona pansi kuti mutuluke matabwa, a Phiri, palibe sowo yaing'ono imene ingafanane nayo. Masowo atsopanowa amakuwa kwambiri, ukawakanikiza m'bulugamu wouma amafooka n'kutentha. Iyi imalira pansipansi ngati thalakitala, siithamanga, koma siibwerera m'mbuyo. Ili ndi kachitsulo kokankhidwa ndi mphepo ya flywheel (gudumu lozungulira ndi injini) kamene kamaibweza ikafuna kuthamanga mopyola, n'chifukwa chake zimakhalitsa chonchi. Anyamata ena ankachotsa kachitsuloko kuti izilira mokweza. Masowo awo sanathe chaka.

Phiri (Sabie):
Madala, pa kung'amba matabwa sinditsutsa. Koma tiuzeni zoona pano pagulu, manja anu ali bwanji lero?

Madala Gondwe (Mzimba):
Wafunsa bwino mwana wanga, sindibisa. Mwezi wa June ukafika zala zitatu za dzanja lamanja zimayera ngati chinangwa chosenda, sizimva kanthu, batani la malaya amandimangira ndi adzukulu. Khutu lakumanzere linatseka. Sitinkadziwa, tinkangoti ndi kuzizira kwa ku Chikangawa. Nachisale, yang'ana ngati pambali pa 070 palembedwa AV. Zolembedwa choncho zili ndi mphira pa zogwirira zochepetsa kunjenjemera. Ngati palibe, aliyense woigwira asapitirize nthawi yaitali, thanki imodzi apume, ndipo m'makutu atseke.

Nachisale (Dedza):
Zikomo nonse. Ndachita zimene a Makaniko ananena, mlongo wanga wandithandiza kumasula. Pisitoni ndi yosalala, yangoderako pamwamba. Kunsi ufa woyera ulipo koma pamene tapala ndi bulashi ya waya sipanabooke. AV palibe. Mu thanki muli zinthu zofiirira zomata ngati uchi, zonunkha ngati vanishi. Tagula pulagi yatsopano, taigunditsa pa chitsulo n'kukoka, moto palibe ngakhale pang'ono.

Makaniko wa ku Limbe:
Ndiye kuti mtima wa sowo uli moyo, zotsalazo ndi ntchito ya kudekha. Zomata za mu thanki ndi petulo wakale. Thirani petulo watsopano ndi timanati tingapo, mugwedeze kwambiri, mukhuthule, mubwereze mpaka atuluke woyera, ndipo muwerenge timanati kuti tatuluka tonse. Paipi ya mafuta ndi sefa yake yakumapeto musinthe basi, musayese kutsuka.

Za moto. Yambani ndi chophweka: chotsani kawaya kopita ku switchi yozimitsira, chifukwa kakasupuka n'kukhudza thupi la sowo moto wonse umathawira pamenepo. Zikakanika, vuto lili kuseri kwa flywheel. Za zaka zimenezo zambiri zili ndi mapoyinti ndi kondensa ngati njinga zamoto zakale. Mapoyinti akakhalitsa amachita nguwi yobiriwira, magetsi osadutsa. Apukuteni ndi sandipepa wosalala kwambiri, kenako mudutsitse kapepala koyera pakati mpaka katuluke kopanda litsiro. Mpata wake akatseguka ukhale 0.4 mm, wa pulagi 0.5 mm.

Koma apa ndikuchenjezeni ndi mtima wonse. Flywheel imachotsedwa ndi chokokera chake, osati hamala. Ndalandirapo masowo ambiri amene eni ake anamenya nsonga ya shafiti mpaka maulusi kuphwanyika, ntchito ya tsiku limodzi n'kusanduka yosula injini yonse. Kuti pisitoni iime pomasula nati, lowetsani chingwe choyera pabowo la pulagi, pisitoni itakwera kale kupyola bowo la utsi kuti chingwe chisapanikizike. Ngati ku Dedza kulibe chokokera, pitani kwa makaniko wa njinga zamoto wachikulire, osati anyamata a kabaza ongoyamba kumene.

Mbewe (Leeds):
Kuonjezera apo, kondensa ikafa pali kachipangizo kakang'ono ka magetsi kolowa m'malo mwa mapoyinti ndi kondensa zonse, mawaya awiri basi. Ndinakaika pa Homelite XL-12 yanga, sowo ya ku America ya m'ma 1960, imalira kukoka kachiwiri. Koma ine zochotsedwazo sinditaya, ndimazisunga m'kabotolo n'kulembapo dzina la sowo. Wina akadzafuna kuibwezera mmene inatulukira ku fakitale adzazipeza.

Yusufu (Mangochi):
Oyilo wa 2T musavutike naye aunt, kuno wa injini za maboti ndi wosasowa ndipo ndi wotchipirako. Ndingakutumizireni pa basi.

Makaniko wa ku Limbe:
Achimwene a Yusufu, mtima wanu ndi wabwino koma oyilo ameneyo ayi. Pa botolo lake pamalembedwa TC-W3, anapangira injini yozizira ndi madzi a m'nyanja. Sowo imazizira ndi mphepo yokha, imatentha kuposa injini ya boti, ndipo oyilo uja sapirira. Funani wolembedwa JASO FC kapena FD. Wa njinga za kabaza wa 4T ndiye musayerekeze n'komwe.

Madala Gondwe (Mzimba):
Muyeso wake ndi 25 kwa 1. Malita asanu a petulo, oyilo 200 ml. Ndi mmene tinkachitira ndipo sowo yanga sinanokepo.

Phiri (Sabie):
Madala, imeneyo inali nthawi ya oyilo wakale wosalimba. Ena kale ankathira ngakhale wa galimoto wa SAE 30 pa muyeso wa 16 kwa 1, utsi ngati akuotcha tchire. Oyilo wa lero ndi 50 kwa 1, malita asanu 100 ml. Mukachulukitsa, mwaye umadzaza pabowo la utsi ndi pa ma ring, kenako umagumuka n'kukanda pisitoni yomwe mukuitetezayo.

Madala Gondwe (Mzimba):
Oyilo wa lero wa ku Sabie, mwana wanga. Wogula pa msika wa kumudzi m'botolo lopanda chidindo ukumudziwa kuti ndi wotani? Pulagi yakuda ndimapukuta, pisitoni yonoka sindingapukute.

Makaniko wa ku Limbe:
Nonse muli ndi mfundo. Ine pa masowo akale a makasitomala anga ndimaika 40 kwa 1, ndiye kuti 125 ml pa malita asanu, oyilo wa botolo lomata bwino. Pong'amba matabwa injini imakhala pa moto wonse mphindi zambiri osapuma, choncho koonjezera pang'ono n'kothandiza. Chofunika kwambiri n'chakuti muyeze ndi kapu ya mizere, osati ndi maso.

Ndipo pali china chimene bambo anu mwina ankachidziwa. Petulo wa kuno kwathu amasakaniza ndi ethanol wochokera ku zotsalira za nzimbe, zinayamba ku Dwangwa mu 1982. Pa galimoto palibe nkhawa, koma mu sowo yongokhala ethanol amakoka chinyezi ndipo amaumitsa timphira ta mu kabureta. Sakanizani wongokwana sabata imodzi kapena ziwiri. Mukamaliza ntchito khuthulani thanki, muilize mpaka izime yokha.

Mbewe (Leeds):
N'chimodzimodzi kuno chiyambireni petulo wa E10, wosakaniza ndi ethanol, mu September 2021. Osunga masowo akale ambiri tinasamukira ku mafuta a m'zigubu otchedwa alkylate, ngati Aspen wa ku Sweden, amakhala zaka osaonongeka, kungoti mtengo wake ndi wowawa.

Aphunzitsi Kalua (Zomba):
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma ndilankhulepo. Tikukambirana ngati chinthu chokongola, koma makina amenewa ndi amene ameta mapiri athu. Ndinakulira m'munsi mwa phiri la Zomba, ndikudziwa mmene linalili. Mkungudza wa pa Mulanje unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, lero mitengo ikuluikulu ija kulibe, akuchita kudzala mbande. Chikangawa yemwe Madala akumutchulayo, mukadutsa pa msewu wa M1 mumaona zitsa ndi tchire malo ambiri. Mvula ya Freddy mu March 2023 inatisonyeza chimene phiri lopanda mitengo limachita. Sowo iliyonse yodzutsidwa ndi sowo inanso m'nkhalango. Ine ndikanakonda a Mbewe aigule aipachike pakhoma.

Madala Gondwe (Mzimba):
Aphunzitsi, mawu anu alasa ndipo sindiwazemba. Tinadula, ndipo ambiri a ife sitinadzale. Moto wa chaka ndi chaka unamaliza zotsala. Koma mkungudza wambiri wa pa Mulanje unatsika pamitu ya anthu utachekedwa ndi macheka a manja ndi nkhwangwa. Wodula mtengo ndi munthu. Bambo a mwanayu anadzala mabulugamu awo, zimene ine sindinachite, ndipo ndikuwachitira ulemu pa chimenecho.

Nachisale (Dedza):
Aphunzitsi, nkhawa yanu ndaimva ndipo sindikuipeputsa. Mitengo ilipo 60 ndi kanthu, tikufuna isanu ndi itatu yokha. Bulugamu ukadula amaphukanso pachitsa, bambo ankasiya mphukira ziwiri zamphamvu n'kuthyola zinazo, ifenso tidzatero. Anthu atatu andifunsa kale kuti ikalira adzabwereke akachekere mbawa kudambo. Ndawakaniratu. Siidzatuluka pakhomo pano.

Aphunzitsi Kalua (Zomba):
Ngati ndi choncho ndilibe mawu ena, koma kukana kumeneko mudzakugwiritse ngakhale atabwera ndi ndalama m'manja, chifukwa adzabwera nazo. Ndipo matabwa ena mukadzafuna kupita nawo kwina pa galimoto, yambani mwafika ku ofesi ya zankhalango ya m'boma lanu mukatenge chikalata chonyamulira.

Nachisale (Dedza):
Nkhani yabwino: moto wabwera! Tinapeza bambo wina wachikulire wokonza njinga zamoto, anasula chokokera yekha. Mapoyinti anali obiriwira monga munanenera. Tsopano moto ndi wabuluu, ukuchita kumveka kuti tcha tcha. Tathira petulo pang'ono pa kabureta, yalira kamphindi n'kuzima. Kabureta palembedwa Tillotson. Kusitolo ina ku Lilongwe akuti ali ndi kabureta yathunthu yatsopano ya 070 yotsika mtengo. Ndigule?

Makaniko wa ku Limbe:
Musataye Tillotson imeneyo. Gulani timphira take tokha, amagulitsa m'kapaketi pamodzi ndi kasingano. Kabureta ya sowo ilibe mbale ya mafuta ngati ya njinga yamoto, imapopa ndi timphira tiwiri topyapyala, n'chifukwa chake sowo imalira ngakhale utaigoneka chammbali. Tikauma timachita khwakhwa ngati tsamba la fodya, sitipopanso. Pomasula yalani nsalu yoyera, muike chilichonse motsatana mmene chatulukira, mujambule ndi foni gawo lililonse. Pansi pa kachitsulo kokweza singano pali kasipuling'i kakang'ono ngati kambewu ka mpunga, kakadumpha simudzakapezanso. Mabowo musatokose ndi waya, uzirani mpweya. Kuona maso a nkhono n'kudekha, achemwali.

Zomangira ziwiri za pa kabureta zosinthira muyeso wa mafuta, zolembedwa H (ya pa moto wonse) ndi L (ya pa moto wochepa), muzimange mofatsa mpaka zingokhudza, osakanikiza, kenako mubweze chilichonse kuzungulira kamodzi. Poyambira ndi pamenepo.

Mbewe (Leeds):
Koma tinene chilungamo, a Makaniko. Chifukwa choti mafakitale a ku China akhala akukopera 070 kwa zaka zambiri, ndiye chifukwa chake zipangizo zake zikupezekabe pa msika uliwonse kuyambira Lilongwe mpaka Lusaka. Ine ndili ndi McCulloch yachikasu ya m'ma 1960 imene yakhala zaka zitatu pa shelefu chifukwa chosowa kamphira kamodzi. Kampani ija inali yaikulu, mwini wake Robert McCulloch ndi uja anagula London Bridge mu 1968 n'kukaimanganso ku Arizona, koma lero chipangizo chake uchite kusaka kwa anthu osunga zakale. Mwini 070 ali ndi mwayi umene ife tilibe.

Makaniko wa ku Limbe:
Sindikana. Zophimba, zingwe, sefa ya mpweya, sprocket, zokoperazo ndimagula ndipo zimagwira ntchito. Koma chinthu chokhala m'kati mwa injini ndimasamala. Chaka chatha ndinaika ma seal (timphira totseka mpweya m'mbali mwa shafiti ya injini) otchipa a m'sitolo ina pa sowo ya kasitomala, patangotha milungu itatu imodzi inang'ambika, sowo inayamwa mpweya n'kunoka ali pakati pa ntchito. Ndinamugulira pisitoni ndi ndalama zanga chifukwa wosankha ma seal ndinali ine.

Nachisale (Dedza):
Yalira ndithu! Dzulo madzulo. Mayi anali kumunda kuseri, anasiya khasu n'kubwera akuthamanga, akuti anaizindikira kulira kwake asanaione. Tinakhala chete tonse kwa kanthawi. Koma pali vuto. Ikatentha siikhazikika, imakwera yokha tcheni n'kuyamba kuyenda popanda woikhudza, ndipo tikaigoneka chammbali imasintha kaliridwe. Mlongo wanga akuti tingopotokola L.

Makaniko wa ku Limbe:
Zimitsani, musailizenso. Chimenecho ndi chomwe ndimanena chija. Ikuyamwa mpweya pamalo ena osati pa kabureta, ndipo pa sowo ya zaka zimenezi ndi ma seal a mbali ziwiri za crankshaft, auma. Mpweya ukachuluka mafuta amachepa, ndipo poti oyilo amayendera m'mafuta omwewo, pisitoni imayenda youma. Kupotokola L kungobisa matenda. Makaniko atseke bowo la utsi ndi la kabureta ndi zidutswa za chubu cha njinga, apope mpweya pang'ono pabowo la pulagi, osapyola 0.5 bar, apake thovu la sopo pa ma seal ndi m'munsi mwa silinda. Potuluka thovu ndi pomwepo. Sinthani onse awiri ngakhale wotayayo atakhala mmodzi. Kumbali ya clutch asamale, pa masowo ambiri maulusi ake ndi amanzere, ukamati ukumasula ndiye ukumanga.

Ikatha ntchito imeneyo, poyesa H mvetserani ndi khutu. Pa moto wonse tcheni isali mumtengo iyenera kumveka ngati ikugwedera pang'ono, ikalowa mumtengo kulira n'kuyera. Ikamalira mosalala mokweza ili pamphepo ndiye kuti mafuta akuchepa, tsegulani H pang'ono.

Phiri (Sabie):
Ndaona kuti mtima mwamanga, ndiye pempho langa ndi limodzi. Mlongo wanuyo anagwetsapo mtengo ndi sowo? Bulugamu wa zaka zambiri si nthochi. Amatha kung'ambika chotalika pakati pa kudula, thunthu n'kudumphira m'mwamba pomwe waima. Ndinanyamulapo mnzanga pa machira chifukwa cha zimenezo, ndipo anali wodziwa ntchito. Lembani munthu wozolowera agwetse isanu ndi itatuyo ndi sowo yokhala ndi buleki, asadze nthambi, adule zipika. Ya bamboyo igwire zipika zili pansi, zitakhazikika pa mitanda. Poiliza ikhale pansi phazi litaponda chogwirira, osati kuiponya m'mwamba uku ukukoka chingwe. Nsonga ya bar isakhudze kanthu. Nsapato zolimba, magalasi, zotseka m'makutu, ndipo ana akhale kutali.

Nachisale (Dedza):
A Phiri, sanagwetsepo. Amangokumbukira kuonerera bambo ali mwana. Ndamuwerengera uthenga wanu, poyamba ananyinyirika koma wavomera. Pali bambo wina amene amacheka mapaini kuphiri kuno, ali ndi Husqvarna yatsopanoko, tagwirizana kuti adzagwetse ndiponso aime pambali pa mlongo wanga masiku oyamba ong'amba. Ma seal tasintha, mmodzi anali wosweka ngati bisiketi. Tsopano ikukhazikika bwinobwino. Chatsala ndi tcheni. Yakale ili ndi dzimbiri, mfundo zina sizipinda.

Madala Gondwe (Mzimba):
Yakaleyo ipachike pamsomali ikhale chikumbutso, usaiike pa sowo. Tcheni ikaduka pa injini yamphamvu chonchi imakwapula ngati chikoti. Gula yatsopano ya muyeso wa mfundo wa .404, uwerenge mano a m'munsi oyenda mu bar pa yakaleyo kuti utalike wake ufanane. Tupa lake ndi lozungulira la 5.5 mm. Tcheni ya m'sitolo imabwera itanoledwa mopendama madigiri 30, imeneyo ndi yodulira chopingasa. Pong'amba matabwa timanola pafupifupi mowongoka, madigiri 10, thabwa limatuluka losalala ndipo sowo siikhotera kumbali. Usasinthe tsiku limodzi, uzichepetsa kupendamako pang'onopang'ono nthawi iliyonse yonola kuti usadye dzino pachabe. Mano onse atalike mofanana. Mbali imodzi ikafupika, mzere umakhota ngakhale woigwira akhale katswiri.

Tizitsulo ta kutsogolo kwa dzino lililonse, tija timaletsa dzino kulowa kwambiri, anyamata amakonda kutipala kwambiri kuti sowo izidya msanga. Pa sowo yopanda buleki kumeneko n'kudziitanira ngozi. Gula kachitsulo koyezera, usapale ndi maso.

Mbewe (Leeds):
Dzino lopindika limene Madala akuphunzitsa kunolali linachokera ku mphutsi. Joseph Cox, wodula mitengo wa ku Oregon, anaonerera mphutsi ya kachilombo kofukula mitengo ikudya chitsa ndi nsagwada ziwiri zopindika, ina kumanja ina kumanzere, n'kutengera pamenepo. Anayamba kupanga tcheni yotere mu 1947, ndipo mukayang'ana yanu yatsopanoyo muona mano akusinthana mbali chimodzimodzi. Zisanachitike zimenezo mano a tcheni anali ngati a macheka a manja aja, kunola kwake kunali kwa tsiku lonse.

Yusufu (Mangochi):
Nanga oyilo wa pa tcheni? Kuno ocheka onse amathira wakuda wokhuthula m'galimoto.

Makaniko wa ku Limbe:
Ndikudziwa kuti ambiri amatero chifukwa cha mtengo, koma oyilo wakuda ali ndi tizitsulo tosaoneka timene timadya pampu ndi msewu wa bar, ndipo amathovukira pakhungu ndi m'mapapo a wochekayo tsiku lonse. Amadetsanso matabwa. Wa tcheni weniweni ndi womata, sathawa pansonga. Ukasowa, bola wa galimoto watsopano wotchipa. Achemwali, 070 ili ndi pampu yodziyendera komanso kabatani kopopa ndi chala. Pong'amba, mlongo wanu azikanikiza kabataniko pafupipafupi, bar yaitali imauma msanga kunsonga. Asanayambe aloze nsonga pa chitsa choyera osakhudza, apatse moto, aone ngati pakugwa mzere wa oyilo.

Nachisale (Dedza):
Loweruka tinagwetsa itatu yoyamba, anagwetsa ndi bambo aja. Dzulo 070 yang'amba chipika choyamba, matabwa asanu ndi limodzi. Awiri oyamba akhota, enawo ali bwino. Mlongo wanga akuti manja amachita dzanzi thanki ikamatha, ndiye akupuma monga Madala ananenera. Amalume anabwera kudzaona, anyamula thabwa limodzi kupita nalo kwawo. Chimene chikundidabwitsa n'chakuti utuchi wayamba kutuluka wosalala ngati ufa, pomwe poyamba unali wokhakhala, ndipo akuchita kukanikiza kuti ilowe.

Madala Gondwe (Mzimba):
Yabuntha imeneyo, asakanikize. Pong'amba utuchi umakhala waung'ono kusiyana ndi wodula chopingasa, koma ukafika pa ufa ndiye kuti mano atha. Khungwa la bulugamu limasunga mchenga, makamaka chipika chikakokedwa pansi, choncho azisenda khungwa pamzere wodutsa sowo. Anole thanki iliyonse ikatha, katatu kapena kanayi pa dzino, tupa likuyenda chopita kutsogolo kokha. Bar aziitembenuza tsiku lililonse kuti idyeke mofanana. Matabwawo muwasanje pamthunzi, timitengo pakati, mwala wolemera pamwamba, apo ayi bulugamu amapindika ngati uta asanafike padenga. Ndipo unditumizire chithunzi cha mano atatu oyandikana, chojambulidwa chapafupi kuchokera pamwamba, asanachekenso. Ndikufuna ndione ngati kukhota kwa matabwa awiri aja kunali dzanja lake kapena tupa.